Mwala Umene Gunvor Ananyambita

Gunvor Haltbakk anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zinayi m'chipinda cha pansi pa nthaka, ndipo mukanafunsa anthu a m'nyumba yomweyo kuti tsitsi lake linali lotani, ambiri akanayamba kukanda m'mutu. Nyumbayo inali ya bungwe lina lofufuza za miyala, kunja pang'ono kwa mzinda wa Trondheim, ku Norway. Pamwamba pankakhala madokotala ndi mapulofesa, anthu a mawindo akuluakulu oyang'ana kunyanja. Pansi pankakhala makina, poti makina sakondwa ndi dzuwa ngakhale kugwedezeka, ndipo pamodzi ndi makinawo pankakhala Gunvor.

Ntchito yake inali yoyeza miyala ndi kuwala. Mwala uliwonse uli ndi dyera lakelake: ukauwalitsira nyali, umameza mitundu ina ya kuwalako n'kubweza ina. Makina amatola zobwererazo n'kujambula mzere pa kompyuta, ndipo paliponse pamene mwala wameza, mzerewo umatsika n'kupanga kadzenje. Timaenje timeneti ndi timene timaulula kuti mwalawo ndi wamtundu wanji, monga chidindo cha chala chimaululira mwini wake. Tsono ku Mars kunali kagalimoto koyenda kokha, konyamula makina a mtundu womwewu. Kagalimotoko sikakanatha kutumiza mwala kuno, kankangotumiza mizere. Kuti anthu a pamwamba aja adziwe chimene kaona, ankayenera kufanizira mizereyo ndi ya miyala ya pansi pano imene mayina ake ndi odziwika kale. Miyala yofanizirayi inkasungidwa m'madilowa achitsulo amene onse ankawatcha nkhokwe. Inalipo zikwi zinayi ndi mazana awiri, ndipo uliwonse unadutsa m'manja mwa Gunvor.

Anali ndi dongosolo limene sankalisintha zivute zitani. Mwala ankaudula ndi sowo kuti ukhale ndi nkhope yosalala, n'kuutsuka ndi sipiriti, n'kuugoneka mu uvuni mpaka mawa lake kuti chinyezi chonse chichoke. Madzi ndiwo mdani wa ntchitoyi, moti ngakhale mpweya wa m'kamwa mwa munthu umatha kusiya kadzenje kabodza pa mzere. Akautulutsa ankaugwira ndi magolovesi okha, kuuika m'makina, kutseka, kenako kulemba m'kope lake tsiku ndi nthawi, n'kuchonga chilichonse chimene wachita. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha Gunvor anachita kubadwa nako. M'zaka zoyambirira malabotale a ku France ndi ku Germany ankabwereza miyeso yake kuti amupeze cholakwa, koma ankangopeza zomwezo mpaka anatopa nazo.

Mphoto ya kudekha konseko inali kamzere ka zilembo zing'onozing'ono kumapeto kwa mapepala a kafukufuku: tikuthokoza G. Haltbakk pa thandizo la mu labotale. Mapepalawo ankawasunga m'bokosi la nsapato, osadziwa kuti akusungira ndani.

Anali mwana wa kumigodi ya miyala ku Larvik. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo analeredwa ndi bambo ake, a Oddvar, munthu wong'amba miyala, wa pakamwa polemera. Mlongo wake Sverre anapita ku Canada n'kukwatira komweko. Ankaimba foni pa Khirisimasi, kufunsa ngati chipale chofewa chagwa chambiri, n'kupereka moni wa ana amene Gunvor ankangowadziwa pa zithunzi. Chibwenzi chinakhalapo chimodzi, ndi mphunzitsi wina wa masamu, koma chinazima chokha posowa wosonkhezera, popanda mkangano ngakhale kutsanzikana. Gunvor ankakhala m'zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya njinga. M'nyengo yozizira ankalowa ntchito kusanache n'kuweruka kutada kale, moti milungu inkatha dzuwa asanalione.

Masana ankadya buledi ndi tchizi pakona ya tebulo, pampu ya makina ikulira pambali. Lachisanu lililonse anthu a pamwamba ankaphika makeke opyapyala, kupakapo jamu, kumwera khofi, ndipo uthenga woitana aliyense unkafikanso pa kompyuta yake. Chaka choyamba anakwerako katatu. Anaima pafupi ndi chitseko kapu ili m'manja, anthu anamumwetulira, wina anamupatsa mbale, n'kuthera pomwepo. Womunyoza panalibe. Kwathu kuno munthu sitimukakamiza. Akakhala chete timati akufuna kukhala chete, ndiye timamulemekeza pomusiya yekha. Ulemu umenewu timaunyadira kwambiri, koma kunena zoona waika anthu ambiri m'manda adakali moyo. Gunvor anasiya kukwerako ndipo palibe anafunsa. Anali wosungulumwa, ankadziwa kuti ndi wosungulumwa, koma anazolowera monga munthu amazolowera bondo lopweteka.

Ndiye tsiku lina mu February, Gunvor ali ndi zaka 62, anamva munthu akutsika masitepe mothamanga, kulumpha awiriawiri. Anali Ketil Aarnes, mmodzi wa ofufuza a pamwamba, chimunthu chachitali cha zaka makumi asanu, chipewa chokwerera njinga chidakali kumutu. Ketil anali atakhala zaka khumi ndi chimodzi m'gulu lowerenga mizere ya kagalimoto ka ku Mars, koma chotulukira chakechake analibe, ndipo anzake amene anayamba nawo limodzi anali atamusiya kutali. M'zaka zonsezo ankalankhula ndi Gunvor pokhapokha akafuna kudziwa ngati zotsatira zatuluka.

"A Gunvor, ndakusokonezani? Ngakhale ndakusokonezani, siyani kaye zimenezo. Taonani ichi."

Anasanjikiza mapepala awiri n'kuwayang'anitsa ku nyali. Mizere iwiri inagonerana ngati umodzi. Woyamba unali wa mwala wina wa ku Mars, ndipo unali ndi kadzenje kakang'ono kamene kanazunguza mitu ya gulu lonse kwa zaka ziwiri. Wachiwiri unali wa m'nkhokwe, nambala 1187, mwala wa pachilumba cha Leka. Ketil anafotokoza, mpweya uli m'mwamba, kuti anafufuza nkhokwe yonse ndipo mwala wokhawo ndi umene unali ndi kadzenje pamalo omwewo. Miyala ya mtundu umenewu, anatero, imasanduka chonchi ikalowedwa ndi madzi ofunda. Choncho pamene kagalimoto kanaimapo panali madzi ofunda kalekalelo, ndipo wopeza zimenezi anali iyeyo.

"Ndife awiri, ndikutanthauza," anadzikonza. "Dzina lanu likhala lachiwiri, pambuyo pa langa. Osati kumunsi kwa zothokoza kuja ayi, pamwamba penipeni. Ndipo mu April tikupita limodzi ku msonkhano ku Vienna, mukaone anthu akuombera m'manja mwala wanu."

Gunvor anati iye ndi woyeza chabe. Ketil anati ngati kuyeza ndi chabe, nanga bwanji mapulofesa onse a pamwamba sakudziwa ngakhale poyatsira uvuni. Atapita, Gunvor anakhala pa mpando wake nthawi yaitali magolovesi ali m'manja, mtima ukugunda ngati wa mtsikana.

Milungu itatu yotsatira inali yokoma kuposa ina iliyonse imene ankaikumbukira. Ikakwana 10 koloko m'mawa Ketil ankatsika ndi makapu awiri a khofi, kukhala pa bokosi chifukwa mpando unali umodzi, n'kuyamba kufunsa za mwala. Za mwala zikatha sankanyamuka. Ankasimba za msana wake, za mkazi amene anasiyana naye n'kutenga galu yemwe, za mwana wake wamkazi wa ku Bergen amene sankayankha foni. Gunvor ankamvetsera, ndipo anadabwa kuona kuti nayenso ali ndi zoyankha. Tsiku lina anaseka mpaka kutsamwa ndi khofi. Lachisanu Ketil sanadalire uthenga wa pa kompyuta, anatsika yekha kudzamutenga. Atalowa m'chipinda chomwera khofi wina anati mfumukazi ya kudzenje yatuluka, wina anamusunthira mpando, wina n'kumuikira makeke atatu m'mbale kuti athetse njala ya zaka makumi atatu. Kusekedwa kotero n'kokoma, pakuti munthu amaseka wake. Loweruka Gunvor anakagula nsapato ndi jekete yabuluu yovala ku Vienna, naiyesa kawiri pagalasi. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Zobwereza muyeso Ketil anazitchulako kamodzi. Koma makina anali ndi mndandanda wa miyala ya gulu lina la ku France yoti ayeze mpaka May, pepala linkafunika kutumizidwa mwezi usanathe, ndipo mkulu wa bungwe, mayi Fjeldstad, anati kubwereza muyeso wa Gunvor n'kungotha magetsi. Nkhaniyo inagonera pomwepo.

Chimene Ketil ankafuna chinali chaching'ono: tsiku limene mwalawo unayezedwa, kuti alembe m'pepala. Gunvor anakwera pa mpando n'kutsitsa kope lakale. Anatsegula pa 1187. Zonse zinali zochongedwa bwinobwino ndi dzanja lake, kudula, kutsuka, uvuni, magolovesi. Pamwamba pake panali tsiku, 14 November, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo. Ataliona tsikulo anakumbukira zonse.

A Oddvar ankati mwala wouma ndi wabodza. Akafuna kuona mtima wa mwala ankaunyambita, ndipo mwala wotuwa wa ku Larvik unkang'anima buluu ngati mamba a nsomba. Gunvor ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi anamutengera ku mgodi, n'kumupatsa kachidutswa. "Nyambita, mwanawe. Suluma." Ananyambita, buluu uja n'kutuluka, bambo ake n'kugwedeza mutu. Bambo ena amaimbira ana awo nyimbo, ena amawasimbira nkhani, koma a Oddvar chawo chinali chimenechi. Akabwera ku ntchito ankatulutsa kamwala m'thumba n'kukaika pambali pa mbale ya mwana wawo, osanena kanthu, ndipo iye ankadziwa chochita.

A Oddvar anamwalira kumayambiriro kwa November wa chaka chimenecho. M'tchalitchi munali anthu asanu ndi mmodzi, m'busa yemwe, ndipo Sverre sanapeze ndege. Kuntchito Gunvor sanauze munthu, anangopempha masiku a tchuthi. Patapita masiku anayi chiikireni maliro anabwerera m'chipinda chake, natulutsa 1187 mu uvuni. Mwalawo unali wotuwa, wofunda pang'ono, waukulu ngati chikhatho cha mwana. Anauyang'ana. Kenako anavula golovesi n'kuunyambita. Unatuluka mtundu wobiriwira wakuya, wokhala ndi timizere takuda, ndipo iye anaima pamenepo akufuna wina woti amuonetse. Mphamvu zoyambiranso kutsuka ndi kudikira mpaka mawa analibe. Anaupukuta pamkono wa malaya, anauika m'makina, natseka. M'kope anachonga zonse monga mwa masiku onse, ndipo pofika Khirisimasi anali ataiwala. Koma mlandu suola.

Gunvor anadziwa nthawi yomweyo chimene chinachitika. Chinyezi ndi mchere wa m'malovu zimamezanso kuwala. Kadzenje kamene Ketil ankakanyadira kakanatha kukhala ka mwalawo, inde, koma iye anali atayezapo miyala ina isanu ya ku Leka ndipo palibe unali nako. Anatseka kope, nalembera Ketil tsikulo pa kapepala.

Anakhala chete masiku asanu ndi anayi, ndipo amene sanadyepo yekha kwa zaka makumi atatu asafulumire kumuweruza. Kope linali loyera. Mboni panalibe. Makina anali otanganidwa, pepala linali pafupi kupita. Dzina lake pamwamba pa pepala ankalifuna, sitingabise. Koma chimene ankaopa kwambiri kutaya chinali phokoso la nsapato pa masitepe nthawi ya 10 koloko. Ankadziwa kuti Ketil amatsika chifukwa cha mwala, ndipo mwala ukachoka pakati pawo sankadziwa ngati patsala kanthu. Ankadziuza kuti mwina kadzenjeko n'koonadi. Ankadziuza kuti miyala ya pachilumba chimodzi imasiyana. Kenako ankaona Ketil akujambula pa bolodi madzi ofunda a ku Mars, nkhope ili ngwee, ndipo ankadziwa kuti akudzinamiza.

Lachisanu la sabata imeneyo mayi Fjeldstad anakweza kapu ya khofi pamaso pa onse. Anati m'nyumba muno aliyense analakwitsapo, iwo eni ake kangapo, koma pali munthu mmodzi amene sanalakwitsepo ngakhale kamodzi, ndipo n'zamanyazi kuti zatenga zaka zonsezi kuti akhale nawo pa tebulo limodzi. Anthu anaomba m'manja. Gunvor anayang'ana m'mbale. Akanakhala kuti amunyoza, mwina akanapirira n'kusunga chinsinsi chake. Kutamandidwako ndi kumene kunamugonjetsa.

Loweruka ndi Lamlungu anayenda m'mbali mwa mtsinje, kukonza mawu. Anaganiza zoyambira ku Larvik, kuti Ketil amvetse kuti sikunali kusasamala. Amuuze za manja a bambo ake, za kamwala pambali pa mbale, za tchalitchi chopanda anthu, za sitima yobwerera imene anakhalamo maola ambiri osalira. Pokonza mawuwo anazindikira kuti nkhaniyi sanaisimbirepo munthu aliyense chichitikireni, ndipo m'mantha akewo munamera kachiyembekezo. Ketil anali atamukhuthulira za mkazi wake, za mwana wake, za galu yemwe. Mwina tsopano inali nthawi yake. Mwina pepala lifa koma khofi atsala.

Lolemba Ketil anatsika ndi makapu ake awiri akuimba mluzu. Gunvor anadikira kuti akhale pa bokosi.

"Mwala uja ndinaunyambita."

"Mwati chiyani?"

"1187. Nditautulutsa mu uvuni ndinaunyambita, kenako ndinauyeza."

Ketil anaseka chikhakhali. "Tonsefe timanyambita miyala, mayi inu. Ine ndanyambita theka la Norway, lilime langali n'lofunika digiri yakeyake. Koma kutchire, osati muno." Anamuyang'ana kuti nayenso aseke. Kuseka kunamuthera pang'onopang'ono, kapu n'kuiika pansi. "Mbali iti?"

"Yodulayo."

"Munatsukanso?"

"Ayi. Ndinangopukuta pamkono wa malaya. Inali sabata ya maliro a bambo anga, ndipo iwowo ankakonda..."

"Pepani. Zoona, pepani kwambiri. Koma panadutsa mphindi zingati kuchokera pamene munanyambita kufika pamene munatseka makina?"

Gunvor anati mwina ziwiri, mwina zitatu. Ketil anatulutsa cholembera. Anafunsa chimene anadya m'mawa umenewo, ngati chinali cha mchere, ngati malayawo anali a thonje, ngati mwala unali udakali wofunda. Gunvor anayankha zonse, limodzilimodzi, kudikira funso limodzi lokha, lakuti chifukwa chiyani. Silinabwere. Ketil sanali munthu woipa mtima, kungoti mutu wake unali ku Mars, kumene zaka zake khumi ndi chimodzi zinali kugumuka. Khofi wa onse awiri anazizirira pa tebulo.

Tsiku lomwelo Ketil anapempha chilolezo chochotsa kaye miyala ya a ku France. Gunvor anatenga 1187 m'dilowa, anautsuka ndi sipiriti, anaugoneka mu uvuni, ndipo Lachitatu m'mawa anauika m'makina Ketil ataimirira kumbuyo kwake. Mzere unayamba kuyenda pa kompyuta kuchokera kumanzere. Unatsika pamene umayenera kutsika, unakwera pamene umayenera kukwera, ndipo utafika pamalo a kadzenje kaja unangodutsa mowongoka.

"Nyambitaninso," anatero Ketil.

"Panopa?"

"Tiyenera kutsimikiza kuti ndi chimenecho. Chitani monga munachitira tsiku lija. Ine ndiwerenga mphindi."

Ketil ankanena zoona, ntchito imafuna zimenezo. Gunvor anavula golovesi. Mayi wa zaka 62, wovala malaya oyera a mu labotale, ananyambita mwala pamaso pa mwamuna wogwira wotchi. Kukoma kwake kunali komwe kuja, kwa fumbi ndi chitsulo. Mtundu wobiriwira unatulukanso, wokongola monga kale, ndipo iye anautembenuzira pang'ono kwa Ketil kuti aone. Ketil maso anali pa wotchi. Zitakwana mphindi ziwiri anati tsekani. Mzere unayendanso, ndipo kadzenje kanabwerera pamalo pake, kakang'ono, kooneka bwino.

Kadzenje ka ku Mars kanali kenikeni, ndipo kanatsala kopanda mwini monga kale. Kufanana kwake ndi ka mwala wa ku Leka kunali ngozi chabe. Ketil anayang'ana mizere iwiriyo nthawi yaitali.

"Ndiye kuti ndikanaima ku Vienna, pamaso pa anthu chikwi, n'kuwauza kuti ndapeza malovu anu ku Mars." Anayesa kuseka koma sizinatheke. Anapukuta kumaso ndi manja onse awiri. "Mwachita bwino kunena, a Gunvor. Ndikunenetsa. Wina akanangokhala phee."

Anatola makapu ake awiri a Lolemba aja, amene Gunvor anali atawatsuka n'kuwaika pambali, nakwera masitepe.

Chilango panalibe. Ketil anafotokozera gulu lonse zimene zinachitika popanda kuwonjezera mchere, ndipo ananena poyera kuti amene anaulula ndi Gunvor mwini wake. Mayi Fjeldstad anamutumizira uthenga wa mizere itatu, wonena kuti kukhulupirika kotere n'kosowa ndipo bungwe likunyadira. Pepala linafa, ulendo wa ku Vienna unafa nalo. Jekete yabuluu anaibweza ku sitolo, koma nsapato a m'sitolomo anazikana poti anali atayenda nazo kale panja.

Lachinayi 10 koloko inakwana n'kudutsa. Lachisanu inakwana n'kudutsa. Ketil sanali wokwiya. Akakumana pakhomo ankamupatsa moni wabwino ndithu, kumugwirira chitseko, n'kunena za kuzizira. Kungoti chomutsitsira pansi chinali chitatha, ndipo iye anali atayamba kale kufufuza kadzenje kake m'nkhokwe za mayiko ena. Anthu a pamwamba nawo anagwirizana mosapangana kuti Gunvor ali ndi manyazi, ndipo munthu wa manyazi chimene amafuna n'kumusiya apume. Anamusiyadi apume. Lachisanu masana fungo la makeke linatsika ndi masitepe, mipando inakwekwereka pamwamba pa mutu wake, wina anaseka mokweza. Gunvor anali atavala nsapato zatsopano zija, kuti mwina. Zinamupweteka kuposa kale, chifukwa kale sankadziwa chimene akusowa.

Panatsala ntchito imodzi. Mizere ya m'nkhokwe inkawerengedwa ndi malabotale a m'mayiko ambiri, choncho muyeso wolakwika unkayenera kufufutidwa, ndipo lamulo linali lakuti woufufuta akhale yemwe anauyeza. Lolemba lotsatira Gunvor anatsegula fomu yake pa kompyuta. Analemba nambala ya mwala, tsiku la muyeso wakale, tsiku la muyeso watsopano, dzina lake. Kumunsi kunali kabokosi kofunsa chifukwa.

Anakayang'ana kabokosiko kwa kanthawi. Aka kanali koyamba kufunsidwa. Anayamba kulemba, ndi zala ziwiri monga ankalembera nthawi zonse, kuti bambo anga atamwalira ndinabwerera ku ntchito, koma atafika pakati pa mawu achinayi kompyuta inakana kulandira chilembo china. Kabokosiko kanali ka zilembo makumi atatu basi. Anafufuta zonse n'kulemba kuti mwala sunaume.

Asanadine, anatsegulanso mzere wakale uja kuti auone komaliza. Pa miyeso yonse zikwi zinayi ndi mazana awiri, umenewu wokha ndi umene unali ndi kanthu ka iye mwini mkati mwake, ndipo ndi umenewu umene unali wolakwika. Anadina. Kompyuta inafunsa ngati watsimikiza, iye anavomera, ndipo mzerewo unachoka.

Kenako anatenga sipiriti n'kuyamba kutsuka mwalawo.